Denga la M'tauni: Tibzalepo Zomera, Tikololepo Madzi, Tiikepo Sola Kapena Tipake Penti Yoyera?

Puloti ya ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi ikadzaza nyumba, bafa ndi kanyumba ka lendi kuseri, malo otambasuka amene amatsala ndi denga lokha. Ndilo limalandira mvula yonse ndi dzuwa lonse, koma ambiri timangolisiya litaye madzi pabwalo ndi kutiotcha mu Okutobala. Nkhani ya madenga obzalidwa zomera yafika kwathu kudzera pa intaneti, ndipo zithunzi zake n'zokopa. Mzinda wa Basel ku Switzerland unaika lamulo mu 2002 loti nyumba zatsopano za denga lafulati zizikhala ndi zomera pamwamba, Toronto ku Canada inaika lamulo lofanana nalo pa nyumba zikuluzikulu zatsopano mu 2009, ndipo ku Durban ku South Africa khonsolo inayesapo njirayi pa nyumba zake. Koma nyumba za kumeneko ndi za konkire, ndipo ku Basel ndi ku Toronto mvula kapena chipale chofewa chimagwa mwezi uliwonse. Ife ambiri tili pansi pa malata, ndipo timatha theka la chaka osaona mvula yeniyeni. Choncho tiyeni tiike denga la zomera pamzere umodzi ndi njira zina zinayi zimene zikulimbirana malo omwewo.

Zoyenera kuyeza musanagule kanthu

Choyamba ndi kulemera. Malata enieniwo salemera ngakhale makilogalamu 5 pa sikweya mita imodzi, ndipo matabwa kapena milimo imene kalipentala anakhoma anaiwerengera kuti inyamule malatawo, mphepo, ndi munthu mmodzi wokwera kukamata podontha. Dothi lonyowa ndi nkhani ina. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chilichonse chosunga madzi padenga chimalemera kwambiri tsiku limene mvula yagwa yambiri, lomwenso ndi tsiku limene makoma a njerwa zomangira dothi amakhala atafewa.

Chachiwiri ndi chilimwe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, chimene mwaika padengacho chidzakhala bwanji? Chidzafuna madzi a pampopi kapena ayi?

Chachitatu, vuto lanu lenileni ndi liti: mipopi youma, magetsi othimathima, kutentha, kukwera mtengo kwa ndiwo, kapena madzi osefukira pabwalo? Palibe njira imene imathetsa zonsezi, ndipo zina zimalandana. Zomera zikamwa madzi a mvula, thanki imasowa chodzaza. Mapanelo akaphimba denga, masamba amasowa dzuwa.

Chomaliza, nyumbayo ndi yanu kapena ndi ya alandilodi? Zina munganyamule posamuka, zina ayi.

Mitengo ya makwacha sindiilemba. Zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yonse inasintha sabata yomweyo. Chothandiza n'kudziwa kumene ndalama zimathera pa njira iliyonse.

1. Denga la zomera zosafuna madzi ambiri

Ili ndilo denga lobiriwira limene mumaona pazithunzi. Limayalidwa mosanjikiza: pansi penipeni nsalu ya phula kapena pulasitiki yoletsa madzi kulowa m'konkire, kenako chotchinga mizu, kenako miyala yopepuka kapena mbale zapulasitiki zoti madzi otsala aziyenderamo, kenako nsalu yosefa, ndiye dothi lopepuka la masentimita 5 mpaka 15, pamwamba zomera zazifupi zosunga madzi m'masamba.

Mtengo. Ndi njira yodula kwambiri pa sikweya mita iliyonse, ndipo ndalama zambiri sizipita ku zomera. Zimathera pa kutseka madzi ndi kulimbitsa denga. Ngati nyumba ikumangidwa kumene, injiniya amangowonjezera zitsulo ndi simenti, zinthu n'kuyenda. Ngati inamangidwa kale, kulimbitsako kungadule kuposa denga lonselo. Phindu lake limabwera mochedwa: nsalu ya phula yokwiriridwa siiwotchedwa ndi dzuwa, choncho imakhalitsa kuposa yapamtetete, ndipo chipinda chapamwamba chimazizira.

Kupezeka. Nsalu ya phula yomata ndi moto imapezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amisiri oimata aliponso. Chosowa ndi dothi lokonzedwa kale. Dothi la kumunda silikhala bwino padenga, limalemera, limagwirana ngati njerwa, n'kutseka mipaipi. Mungasakanize nokha zidutswa za njerwa zowotcha zophwanya bwino, mchenga wa kumtsinje, mankhusu a mpunga, tizidutswa ta makala ndi manyowa pang'ono. Pa zomera, yang'anani zimene zimamera zokha pamatanthwe a mapiri athu, monga mitundu ya aloe yaifupi ndi maudzu a pathanthwe, m'malo moitanitsa za ku Ulaya. Vetiva ayi, mizu yake imapita pansi mamita angapo. Kapinga nayenso amaboola paliponse pamene pali mpata.

Chisamaliro. Otsatsa amati silifuna ntchito. Kwathu si zoona. Chaka choyamba muyenera kuthirira chilimwe chonse, ndipo zaka zotsatira mudzathirirabe mu Seputembala ndi Okutobala, apo ayi denga lisanduka lofiirira. Pamafunika kuzula timitengo timene mbalame zafesa, makamaka mikuyu ndi kachere, chifukwa mizu yake imang'amba ngakhale konkire.

Zoopsa. Likanyowa limalemera makilogalamu 60 mpaka 150 pa sikweya mita. Pa malata musayese n'komwe. Likayamba kudontha, kupeza bowo kumafuna kufukula dothi. Udzu ukauma ungagwire moto. Za madzi osefukira tinenenso zoona: kumaiko ozizira madenga otere amagwira pafupifupi theka la mvula ya chaka chonse, chifukwa mvula yawo imagwa pang'onopang'ono. Yathu imakhuthuka nthawi imodzi. Dothi la masentimita 10 likakhuta, madzi otsala amangodutsa. Mvula ya namondwe Freddy imene inagumula Soche ndi Chilobwe mu Malichi 2023 palibe denga la zomera likanaigwira. Limathandiza pa mvula ya masiku onse, kuchedwetsa madzi kuti ngalande za mumsewu zisadzaze nthawi imodzi. Komanso madzi otsika padenga lotere amakhala odera, onunkha manyowa, oyenera kuthirira basi.

2. Dimba la ndiwo padenga

Apa cholinga ndi mphika. Pali njira ziwiri: kuyala dothi lakuya masentimita 20 kapena kuposa padenga lonse, kapena kubzala m'matumba, m'mabeseni ndi m'zigubu zodula pakati. Ine ndimalimbikitsa yachiwiriyi, chifukwa mumatha kuika zolemera pamwamba pa makoma ndi zipilala m'malo mwa pakati pa silabu, ndipo mukaona chinyontho pa siling'i mumangosuntha thumba.

Mtengo. Wa matumba ndi wotsika: matumba a feteleza otha ntchito, manyowa a nkhuku, mbewu. Wa dothi lakuya ndi wokwera kuposa wa denga la zomera lija, poti kulemera kumayambira pa makilogalamu 200 pa sikweya mita n'kumapitirira. Mtengo wobisika ndi madzi. Masamba m'nyengo yotentha amafuna malita 5 kapena kuposa pa sikweya mita tsiku lililonse, ndipo padenga mphepo imaumitsa msanga. Dimba la masikweya mita 20 likufuna malita 100 patsiku. Miyezi 5 ya chilimwe ndi malita 15,000. Ngati madziwo ndi a pampopi, khalani pansi muwerengere bilu yake ndi mtengo wa mpiru ku msika musanakwere makwerero.

Kupezeka. Zonse zilipo. Mpiru, repu, chayinizi, bonongwe, anyezi, tsabola ndi kholowa zimachita bwino m'matumba chifukwa mizu yake siipita patali. Tomato amafuna thumba lalikulu ndi mtengo womangirira. Chimanga ndi chinangwa zisiyeni pansi. Pakati pa mzinda wa Johannesburg pali madenga a nyumba zosanja pamene achinyamata amalima masamba m'mipaipi ya madzi popanda dothi n'kumagulitsa kumalo odyera. Njira imeneyo ndi yopepuka, koma imadalira pampu yoyenda tsiku lonse, ndipo magetsi akathima masana a Okutobala mbewu zimafota m'maola ochepa.

Chisamaliro. Tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo. Munthu amene ayenera kukwera ndi ndowa kawiri patsiku amatopa pofika Ogasiti. Ngati palibe mpopi padengapo, dimbalo silikhalitsa.

Zoopsa. Kugwa ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa zonse. Denga limene anthu azikwerapo tsiku lililonse lifunika khoma kapena zitsulo zotchinga zosachepera mita imodzi, ndi makwerero okhazikika, chifukwa ana adzakweranso. Matumba asagone pa konkire penipeni, aikeni pa njerwa kuti pansi pazidutsa mphepo.

Kwa a malata pali kanjira kamene makolo athu ankadziwa kale. Maungu oyanga padenga la khitchini si zachilendo. Mizu imakhala pansi, padenga pamafika masamba okha. Mukamanga thandala la mitengo kapena waya lotalikira pang'ono pamwamba pa khonde, n'kuyangitsapo magalagadeya kapena maungu, mumapeza mthunzi, nkhwani ndi zipatso popanda kukweza dothi. Musalole masamba agone pa malata, amasunga chinyontho n'kubweretsa dzimbiri, ndiponso makoswe amapezapo njira.

3. Kukolola madzi a mvula

Pa njira zonse, iyi ndiyo imagwirizana kwambiri ndi denga la malata, chifukwa cholemera chonse chimakhala pansi. Masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Lilongwe imalandira mamilimita 800 mpaka 900 pachaka, Blantyre oposa 1,000. Denga la masikweya mita 100 ku Lilongwe limadutsitsa malita oposa 80,000, ndipo mukachotsa otayika ndi otsukira denga mumatsala ndi pafupifupi 65,000.

Nambalayi isakunyengeni. Madziwo amabwera m'miyezi 5, ndipo mumasunga okhawo amene thanki yanu ingalandire. Thanki ya malita 5,000 imatha kudzaza ndi mvula imodzi yamphamvu. Banja la anthu 5 logwiritsa ntchito malita 50 aliyense limaimaliza m'masiku 20. Mukasungira kumwa ndi kuphika kokha, malita 100 patsiku, ifika masiku 50. Chilimwe chonse siingakuolotseni. Ntchito yake yeniyeni ndi iwiri: kutsitsa bilu m'dzinja, ndi kukhala ndi madzi masiku amene mipopi yauma. Ku Blantyre izi zili ndi tanthauzo lapadera, poti madzi ambiri a mzindawu amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwezedwa phiri ndi mapampu a magetsi. Magetsi akavuta, madzinso amavuta. Ndowa iliyonse yotungidwa padenga imapulumutsa magetsi opopera madzi.

Mtengo. Wapakatikati, ndipo gawo lalikulu ndi thanki. Mungayambe ndi migolo ya malita 200 n'kumawonjezera. Thanki yomanga ndi njerwa ndi simenti imatsika mtengo pa lita ikakhala yaikulu, koma imafuna mmisiri wodziwa kupaka pulasitala yosachucha.

Kupezeka. Mathanki apulasitiki, mipaipi ndi ngalande zokhoma m'mphepete mwa malata zili m'masitolo a zomangira m'mizinda yonse, ndipo pulambala aliyense angathe kulumikiza.

Chisamaliro. Kumapeto kwa Okutobala kwerani mukaone ngalandezo. Mudzapeza fumbi la miyezi 6 litagwirana ndi masamba a mango, zitosi za nkhunda, mwina ndi buluzi wouma. Zonsezo mvula yoyamba imazitengera m'thanki. Sesani, ndipo mvula yoyamba ya chaka muitaye yonse. Pambuyo pake ikani paipi yoimirira yotseka pansi thanki isanafike, yoti izilandira malita 50 mpaka 100 oyambirira a mvula iliyonse, n'kumaikhuthula mvula ikatha. Thanki izitsukidwa kamodzi pachaka.

Zoopsa. Thanki yosatseka bwino imaswetsa udzudzu, choncho polowera ndi potulukira pakhale sefa wa mabowo ang'onoang'ono. Madzi a mvula amaoneka oyera koma si otetezeka okha. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye omwa awiritseni kapena athireni klorini. Denga la asibesitosi lakale losweka, kapena lopakidwa penti ya mtovu, madzi ake musamwe. Thanki ya malita 5,000 yodzaza ndi matani 5. Ikhale pa maziko a konkire osalala, osati pa nsanja ya mitengo. Migolo yotsegula ndi ngozi kwa ana aang'ono.

4. Sola

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuyambira pamenepo sipafunikanso kufotokozera munthu ubwino wa sola.

Mtengo. Wokwera poyamba, ndipo mapanelo si amene amadula kwambiri. Ndalama zimathera pa mabatire ndi inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse zipangizo za m'nyumba. Mapanelo amatha kugwira ntchito zaka 25, koma mabatire a asidi amafooka pa zaka 2 mpaka 4, makamaka akamatsitsidwa mpaka kutheratu. A lithium amadula poyamba koma amatha kufika zaka 10. Powerengera mtengo, ikanipo kugulanso mabatire.

Kupezeka. Zafika paliponse, zenizeni ndi zachinyengo zomwe. Panelo lolembedwa mawati ambiri koma laling'ono thupi likaikireni. Mapanelo a kilowati imodzi amatenga masikweya mita pafupifupi 5 ndipo kwathu amapereka mayunitsi 4 kapena 5 patsiku la dzuwa, okwana nyale, TV, mafoni, kompyuta ndi firiji. Kuphikira, kusita ndi kutenthetsa madzi osamba kumafuna zochuluka kuposa apa. Woika akhale ndi chiphaso cha MERA.

Chisamaliro. Kupukuta fumbi m'chilimwe, m'mawa galasi lisanatenthe. Mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15, kuti mvula izitsuka yokha. Masiku a chiperoni mphamvu imatsika kwambiri.

Zoopsa. Kuba, mawaya osalumikiza bwino amene angayatse moto, mphezi, ndi mabowo a misomali odontha. Kulemera kwake, makilogalamu 12 mpaka 15 pa sikweya mita, denga la malata lolimba limanyamula, koma mphepo yamkuntho ikalowa pansi pa panelo lomangidwa ndi waya imalizula pamodzi ndi lata. Sola sililandana ndi thanki: madzi amatsetsereka pagalasi n'kupita m'ngalande mwa masiku onse. Pa silabu limagwirizananso ndi zomera zazifupi, chifukwa panelo likatentha kupyola madigiri 25 limataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse, ndipo zomera zimaziziritsa mpweya wa pansi pake.

5. Penti yoyera

Njira imene anthu amainyoza chifukwa ndi yosaoneka bwino pazithunzi, koma pa kutentha ndiyo imabweza zambiri pa kwacha iliyonse. Lata lakuda kapena la dzimbiri limatha kupyola madigiri 60 masana. Loyera limabweza kuwala kwambiri. Mzinda wa Ahmedabad ku India, umene unakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kutentha mu 2013, wakhala ukupaka madenga a anthu osauka laimu ndi penti yoyera, ndipo m'nyumba zotere kutentha kumatsika ndi madigiri 2 mpaka 5.

Mtengo ndi wotsikitsitsa. Kupezeka, sitolo iliyonse ya penti, bola ikhale ya padenga ndipo muyambe mwapala dzimbiri. Laimu ndi wotchipa koma amakokoloka ndi mvula, amayenera konkire kuposa malata. Chisamaliro ndi kutsuka fumbi, popeza denga loyera likada limasiya ntchito, ndi kupakanso pakapita zaka zingapo. Zoopsa n'zochepa: kunyezimira m'maso mwa oyandikana nawo amene ali kumtunda, ndi nyumba kuzizira kwambiri mu Juni ndi Julaye kumalo ngati Dedza ndi Mzuzu. Ngati mukukolola madzi akumwa, funsani penti yopanda mtovu. Siipereka madzi, magetsi kapena ndiwo.

Ndani asankhe chiyani

Muli pa lendi m'nyumba ya malata: migolo iwiri yotseka pansi pa ngalande yaifupi, masamba m'matumba pakhonde, ndi kasola konyamula m'manja. Zonsezi mudzapita nazo. Za penti kambiranani ndi eni nyumba, mwina angachotse pa lendi.

Nyumba ya malata ndi yanu: yambani ndi ngalande ndi thanki, pakani penti yoyera chaka chomwecho denga litangotsukidwa, sola ibwere ndalama zikapezeka. Dimba likhale pansi pafupi ndi thanki, kumene madzi osefukira angafike okha.

Muli ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mangochi kapena ku Karonga, kumene vuto lalikulu ndi kutentha: penti yoyera ndi siling'i poyamba, thandala la zoyanga kumbali imene dzuwa limalowera, kenako sola yoyendetsa fani. Denga la zomera kumeneko lingamwe madzi ochuluka kuposa amene mungalipatse.

Muli ndi silabu imene munathira poyembekezera kudzamanga nyumba yosanja: iyi kawirikawiri imakhala yolimba, koma injiniya aione kaye. Dimba la m'matumba ndi sola zikhoza kugawana malowo, mapanelo kumbali imene sangaphimbe masamba. Tsekani madzi pa konkire musanaike thumba loyamba, ndipo mangani chotchinga m'mphepete.

Mukumanga ofesi, hotela, chipatala kapena nyumba zogona zosanja pakati pa mzinda, pamene puloti yonse ikhala konkire: apa ndi pamene denga la zomera likuyenera. Liikeni m'mapulani kuyambira pachiyambi, gawo lina la denga mulisiye lopanda dothi kuti lidzaze thanki, ndipo thankiyo ndiyo idzathirire zomerazo mu Okutobala.

Sukulu, tchalitchi kapena mzikiti wa denga lalikulu la malata: thanki yomanga ya malita 20,000 kapena kuposa, yotumikira zimbudzi, kusamba m'manja ndi dimba la pansi. Komiti isankhe munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe, amene azisesa ngalande mvula isanayambe ndi kusunga kiyi wa mpopi wa thankiyo.